Lilime Lobwereka la Che Amidu

Kalelo, m'zaka za m'ma fifite, Kadoma yuno akadali Gatuma ndipo Chegutu tikumutchula kuti Hatile, munthu wobisira mnzake kaphikidwe ka chakudya tinkamuyesa mfiti. Inde, ndati mfiti, ndipo usandiyang'ane choncho iwe Shamiso, ika foniyo pansi ukhale pamkekapa. Nawenso Fungai bwera kuno, usanamizire kukatunga madzi. Makutu angawa mumati anafa, koma m'mawa uno ndamva zonse ndili khale pakhonde pano. Mai vaTino, mnansi wathu wa kuseli kwa mpandaku, wabwera mwaulemu kudzafunsa kuti makeke ako ogulitsa kumsika aja amafewa bwanji osauma ngakhale atagona, ndipo iwe wamuyankha mano ali mbee kuti, "Handizive, zvinongoita." Sukudziwa? Zimangochitika zokha? Nanga mkaka wowawasa umene umabisa kuseli kwa kabati uja ndi wa mphaka? Mayi uja mwamuna wake anapita kokumba golide ku Muzvezve osabweranso, ana ali pakhomo akungomuyang'ana m'maso, akufuna apeze pogwira, koma iwe mdzukulu wanga, magazi anga enieni, wamubweza ndi bodza. Sadza yamasana ija, nsima ndikunena, ndaikana chifukwa cha chimenecho, osati mano.

Ine ndinafika kuno ndevu zikungoyamba kumera, kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo kuphika kumene ndinkadziwa kunali kuotcha chimanga basi. Anzanga amene ndinabwera nawo analowa m'migodi, koma ine kapitawo anangondiyang'ana chifuwa n'kuseka, akuti ndikafa ndisanafike pansi. Amene ananditola ndi Che Amidu, Myao wa ku Machinga, khukhi m'nyumba ya mzungu wina wa kumakina a thonje. Anali munthu wamfupi, wa kofia yoyera, wolankhula pansipansi ngati akuopa kudzutsa khanda. Sanali mbale wanga, iye Msilamu ine Mkhristu, koma anandigoneka pakhonde la kaya yake, kanyumba ka antchito ka kuseli kwa nyumba ya bwana, ndipo mkazi wake Abiti Juma ankandigawira chakudya mbale imodzi ndi ana awo.

Tsono mverani mmene tinkachitira. Lamulungu lililonse masana, azungu akadya n'kukagona, makhukhi onse ochokera kwathu ku Nyasalande tinkakumana pansi pa mkuyu wina kuseli kwa njanji, ndipo lamulo linali limodzi lokha: chimene waphunzira m'khitchini sabata imeneyo, ubwere nacho. Mabuku a madona anali m'Chingerezi, ambiri a ife sukulu tinangoidutsa panja, choncho buku lathu linali pakamwa pa mnzako. Wina ankajambula pamchenga mmene amapindira mtanda wa buledi, wina akuti batala usamugwire ndi manja otentha, wina akuti uvuni umauyesa powaza kaufa pachiwaya, kakada msanga dikira kaye. Panali mdala wina wa ku Ntcheu amene anatiphunzitsa kuti keke ikagwa pakati usalire, idule zidutswa, uthire kasitadi pamwamba, uitche pudini, ndipo dona adzakuyamika. Tinkaseka mpaka misozi. Mlendo akafika kuchokera kumudzi tinkamuphunzitsa supu, nyama yootcha ndi mbatata, buledi ndi pudini, kenako tinkamulozera khomo losowa khukhi. Che Amidu anandiuza kuti, "Dona akakufunsa ngati umadziwa kuphika chakutichakuti, iwe uziti yesi misisi. Akatembenuka, uthamangire kumpanda udzandifunse." Ndipo ndi mmene ndinapezera ntchito nyumba yoyandikana ndi yawo, mpanda wamaluwa wokha pakati.

Musaganize kuti zinkathera m'makhitchini a azungu, ayi. Zinkatsikira kunyumba zathu. Ine nditakwatira agogo anu aakazi, malemu Nambewe, Abiti Juma ndiye anawaphunzitsa mkate wa mpunga ndi nthochi wokulunga m'masamba, iwonso anamuphunzitsa chigumu cha kwathu. Amayi a Chishona anatipatsa chimodho, mkate wawo wa chimanga, ndi muboora wothira dovi, ndiye kuti nkhwani wa chiponde, ife tinawapatsa thobwa ndi masikono ophika mumphika, makala pansi makala pachivundikiro. Panalibe wonena kuti ichi n'changa. Kupatsa n'kuika, ndipo kudziko la eni kumene ulibe munda, ulibe manda a makolo ako, nkhokwe yako ndi anzako. Lero muli ndi masitovu amagetsi, muli ndi mafoni okuonetsani azungu akuphika, koma mbale ya ndiwo kudutsa mpanda ndinaiona liti kuno ku Ingezi? Mumatsekera chitseko fungo lenilenilo kuti mnansi asamve.

Panalinso mwambo wina umene inu simungaudziwe, tinkati kubwereka lilime. Makhukhi ambiri abwino anali Asilamu, koma mzungu sadziwa za haramu, iye akufuna nyama yake ya nkhumba m'mawa, akufuna vinyo mu msuzi, akufuna burande mu pudini. Msilamu ankaphika, nanga akanatani ana akufuna kudya, ndipo akamaliza ankasamba m'manja mpaka khungu kuyera, koma kulawa sakanalawa. Mwezi wa Ramazani ndiye ngakhale supu wamba sankamuika pakamwa dzuwa lili kumwamba. Choncho Msilamu aliyense anali ndi Mkhristu wake womulawira. Ine ndinali lilime la Che Amidu. Ndikamva kamluzu kumpanda ndinkadziwa, ndikapeza supuni yatulukira pakati pa maluwa, ndilawe, ndinene kuti onjezani mchere, kapena shuga wakwana, kapena chotsani pamoto chapsa. Iye ankangogwedeza mutu n'kubwerera, osafunsanso kawiri. Mukumva inu? Munthu kupereka ntchito yake, denga la ana ake, m'kamwa mwa mnzake. Chinthu chimenecho sichinali chosewera nacho, ndipo ngakhale mutayambana dzulo lake, supuni ikabwera unkanena zoona.

Tsono panali Yeremiya. Dzina limeneli ndikalitchula malovu amandiwawa mpaka lero. Ankagwira ntchito nyumba ya mbali inayo ya Che Amidu, munthu wa kwathu ndithu, wamtali, tsitsi lopesa mzere pakati ngati mzungu, ndipo anali atagwirako m'hotela ku Halale, choncho pamkuyu paja ankakhala pamuzu waukulu miyendo atapingasa. Kuphika ankadziwa, zimenezo sindingamunamizire, ndipo lilime lake linali lakuthwa kuposa tonse, ankatha kulawa msuzi n'kukuuza kuti anyezi unamudula ndi mpeni wodulira nsomba. Chaka china kunabwera mlamu wake kuchokera kumudzi, ndi mkazi ndi ana, alibe pogona. Ife tinayamba kumuphunzitsa monga mwa mwambo, Che Amidu yemweyo ndiye anamugwira dzanja pokanda buledi, ndipo tinati apirire pang'ono khomo lipezeka. Koma Yeremiya diso lake linali pa kaya ya Che Amidu, chifukwa makaya ambiri azungu sankalola mkazi ndi ana, koma bwana wa Che Amidu ankalola, ndipo panali kadimba kuseli ndi mpopi pafupi.

Bwana ameneyu kwa zaka zambiri anali mbeta, wodwaladwala m'mimba, chakudya chake nkhuku yowiritsa ndi nsomba. Kenako anakwatira dona wachitsikana wochokera kutsidya la nyanja, wamphuno m'mwamba, ndipo Khirisimasi yoyamba dona anaitana alendo nyumba yodzaza kuti amuone kuti ndi mkazi wodziwa kusunga nyumba. Anaitanitsa mwendo wathunthu wa nkhumba woumika mumchere, umene iwo amati hamu, waukulu ngati mwana wa miyezi ingapo. Che Amidu chinthu chimenechi anali asanachiphikepo, inenso ndinali ndisanachione n'komwe. Ndipo sabata yomweyo azungu anga ananditenga kupita kufamu ya abale awo kufupi ndi mtsinje wa Muzvezve kuti ndikawaphikire kumeneko. Wantchito sakana. Lilime la Che Amidu linakwera galimoto n'kupita.

Zimene zinachitika ndinazimva kwa mwini wake, ndipo sanali munthu wowonjezera nkhani. Akulu amati safunsa anadya phula, koma Che Amidu anafunsa, anapita kumpanda wa mbali inayo, kofia m'manja.

"Achimwene a Yeremiya, dona wandipatsa chinyama ichi. Inu munagwira kuhotela, ndithandizeni, chimaphikidwa bwanji?"

"Aa, Che Amidu, chimenecho n'chosavuta. Ikani mumphika waukulu, madzi amize, chiwire mpaka foloko ilowe. Mukatero sendani chikopa, pakani shuga pamafutapo, lowetsani mu uvuni chifiire. Basi."

"Palibe china?"

"Palibe. Mukadzawiritsa mudzandipatse ndilawe."

Ana inu, nyama imeneyo imakhala mumchere miyezi. Imafunika kuinyika m'madzi kuyambira dzulo lake, kumataya madzi n'kuthira ena, ndipo ngakhale powiritsa madzi oyamba umataya. Khukhi aliyense wa kuhotela amadziwa zimenezo monga mmene iwe Shamiso umadziwira dzina lako. Yeremiya sanatchule. Ndipo tsiku la Khirisimasi m'mawa, nyama itawira, Che Amidu anadula kachidutswa ndi mpeni, osakakhudza ndi chala, anaika pa supuni n'kuimba kamluzu kumpanda. Yeremiya anabwera, anatafuna, anameza, n'kunena kuti, "Zili bwino zedi. Dona akupatsani bonasi." Che Amidu anathokoza, anati Mulungu akudalitseni achimwene.

Anachikongoletsa chinyama chija, anachinyamula yekha kupita nacho patebulo atavala yunifolomu yoyera, bwana anadula, alendo anaika pakamwa. Akuti mayi wina wachikulire analavulira m'kansalu, ana anayamba kulira kufuna madzi, ndipo mwamuna wina anaseka n'kufunsa dona ngati kwawo amadya zotere. Dona anafiira ngati tomato. Anamulondola Che Amidu kukhitchini akukuwa m'Chilapalapa chake chothyokathyoka, "Ini lo? Wena funa bulala tina? Hamba! Hamba manje!" kutanthauza kuti ukufuna kutipha, choka pompano. Anadula chidutswa n'kumuloza nacho kukamwa kuti adye aone chimene wachita, ndipo Che Amidu anatseka pakamwa n'kubwerera m'mbuyo, dona n'kumati mwaona, akukana kudya chifukwa akudziwa kuti waikamo kanthu. Bwana amene anamuphikira nkhuku zaka zonse zija anangoima pakhomo akuyang'ana nsapato zake. Amenewonso ndili nawo mawu, koma mzungu anali mzungu, sitinkayembekezera kanthu kwa iye. Chimene chimandiotcha ine ndi munthu wa kwathu.

Pamene ndinkabwerako ku Muzvezve ndinapeza m'kaya muja muli mlamu wa Yeremiya, mkazi wake akuthyola nkhwani m'dimba la Abiti Juma. Che Amidu ndinakamupeza kulokeshoni ya Rimuka, m'Gatuma momwemo, iye, mkazi ndi ana atapanikizana m'chipinda cha munthu wina wa kumzikiti, katundu ali m'matumba. Ndinalira ine, iye ndiye ankanditonthoza.

Lamulungu lotsatira pamkuyu panadzaza. Mdala wa ku Ntcheu uja anamufunsa Yeremiya pamaso pa onse kuti, "Iwe, zonyika nyama sunanene bwanji?"

"Ndinaiwala, akuluakulu. Munthu saiwala kodi?"

"Nanga polawa? Mchere wonse uja sunaumve?"

"Ndinali ndi chimfine choopsa sabata imeneyo. Lilime linali lakufa, ngakhale tsabola sindikanamumva."

Ine ndinaimirira kuti ndimugwire pakhosi, anandigwira ndi anthu. Ndinati nanga ngati lilime linali lakufa unalandiriranji supuni, bwanji sunanene kuti pitani kwa wina? Iye anangoti, "Ndinkafuna kuthandiza." Ndipo ena anamukhulupirira, kapena anafuna kumukhulupirira poti anali ndi mawu kwa madona ambiri. Che Amidu anati, "Musiyeni, Mulungu ndiye anaona m'kamwa mwake." Mlandu unathera pomwepo, koma kuyambira tsiku limenelo mkuyu uja unayamba kufa. Msilamu akatulutsa supuni pampanda mtima unali m'mwamba, wina akaphunzira chatsopano ankayamba waganiza kaye kuti ndikanena uyu sadzandilanda nacho ntchito kodi, ndipo posapita nthawi pamkuyu pankangobwera otchova njuga. Munthu mmodzi, ndi bodza limodzi la pa supuni, anagwetsa nkhokwe ya anthu onse.

Che Amidu anayenda khomo ndi khomo m'Gatuma monse, koma madona amauzana pa tiyi, ndipo mbiri inali itamutsogolera kuti ndi khukhi uja anafuna kudyetsa alendo poizoni. Anapita ku Hatile, chimodzimodzi. Mapeto ake analowa mumgodi wina waung'ono ku Gadzema, munthu wamkulu kale, manja ozolowera mtanda wa buledi akugwira chitsulo choboolera mwala, fumbi lili koboo. Ndinkapita kukamuona ndikapeza mpata, ndipo nthawi iliyonse ndinkamupeza atachepa, akutsokomola, koma akundifunsabe kuti, "Che Lekisoni, dona wanu mwamuphikira chiyani sabata ino? Nenani ndimve." Ankauza amayi a pakomboni paja mmene angaphikire buledi m'chitini cha palafini, ulere, mpweya ukumuthera. Zaka za m'ma fifite zisanathe tinamuika m'manda komweko ku Gadzema, kutali ndi Machinga, chifuwa cha mgodi chitamudya.

Tsono imvani chimene ndakukhazikirani pansi. Patapita masiku, Abiti Juma anakonza sadaka ya mwamuna wake monga amachitira Asilamu, ndipo ife a ku Gatuma tinapita gulu, Akhristu ndi Asilamu omwe. Yeremiya anabwera nawo. Inde, anabwera, atavala jekete, nkhope yachisoni ngati wafedwa ndi iye. Mayi wamasiye uja analibe kanthu, amayi a pakomboni anasonkha uyu kampunga uyu kankhuku, agogo anu a Nambewe anapita dzulo lake kukathandiza kuphika. Ashehe atamaliza mapemphero tinakhala pansi m'magulu, mbale zinabwera, ndipo tsoka ilo Yeremiya anakhala moyang'anana ndi ine. Anatapa mpunga, anaviika mu msuzi, anatafuna pang'onopang'ono maso ali m'mwamba monga ankachitira pamkuyu, kenako anatembenukira kwa amayi amene ankagawa n'kunena mokweza kuti, "Mpunga wapsa bwino, koma mu msuzimu mchere wachepa pang'ono."

Pang'ono! Ine ndinali nditadya msuzi womwewo osamva kanthu. Lilime limene linalephera kumva mchere wa miyezi mu mwendo wa nkhumba linamva kuti pakusowa kamchere kongotsina ndi zala mu msuzi wa mayi wamasiye. Anthu a pamkuyu onse amene analipo anasiya kutafuna, chifukwa aliyense anakumbukira chimfine chija.

Abiti Juma anali pakhomo la khitchini, nsalu kumutu. Mayi ameneyu chimwalirire mwamuna wake anali asanakweze mawu. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kachitini ka mchere, anayenda pakati pa amuna onse mpaka pamene panali Yeremiya, anagwada mwaulemu wake wonse n'kukaika patsogolo pake.

"Pepani bambo Yeremiya," anatero. "Ophika ndi ine, ndipo wondilawira ndilibe. Koma ndathokoza kuti chimfine chija chinatha."

Palibe anaseka. Yeremiya anayang'ana kachitini kaja, anayang'ana ife, anasamba m'manja n'kunyamuka, ndipo palibe anamuperekeza ngakhale mpaka pamsewu. Anakhalabe m'Gatuma zaka zambiri, ankadya bwino, anamanga nyumba, musaganize kuti mphezi inamuwomba, dziko silitero. Koma supuni ya munthu sinadutsenso mpanda kupita kwa iye, ndipo ine sindinamupatsenso moni mpaka anafa. Ena amati sekuru, agogo athu, khululukani, ndi zakale. Zakale kwa ndani? Ana a Che Amidu anakulira pakomboni opanda bambo, sukulu osaiona, chifukwa cha mawu awiri akuti zili bwino.

Shamiso, pukuta m'masomo, sindinakuitane kuti ulire. Ndikufunse, za mkaka wowawasa ndi kasoda mu keke anakuphunzitsa ndani? Amayi ako. Amayi ako anaphunzira kwa agogo ako a Nambewe, a Nambewe anaphunzira kwa ine, ndipo ine ndinaphunzira pampanda wamaluwa uja, tsiku limene mkaka wa dona wanga unawawasa ine n'kumaopa kuti andichotsa ntchito. Che Amidu anaseka n'kuti, "Musataye, Che Lekisoni, umenewo ndiye wabwino. Thirani kasoda pang'ono, keke yake idzafewa kuposa ya mkaka wa lero." Sanandilipiritse, sanandilumbiritse, anangonena n'kubwerera ku mapoto ake. Chinthu chimene ukubisa kuseli kwa kabaticho si chako, mwana wanga, ndi cha munthu amene ali m'manda ku Gadzema, ndipo iye akanabisa, iwe lero bwenzi ukugulitsa miyala.

Ndikudziwa kuti msika ndi wochepa ndipo mari ikuvuta, ndalama sizioneka, sindine mwana. Koma Kadoma ndi wamkulu, pakamwa ndi pambiri, sungawadyetse wekha onse. Dzuwa likadalipo. Tenga botolo lakolo, uzungulire mpandawu, ukagogode kwa Mai vaTino, ukamuonetse zonse ndi manja ako, osasiyako kanthu ngakhale kamodzi. Ndipo mawa akaphika yake yoyamba n'kukupatsira pampanda kuti ulawe, ngati yalakwika umuuze kuti yalakwika. Fungai, kanditengere sadza yanga ija, koma uivundikire kaye, ndidya mchemwali wako akabwerako.